Mphuno ikamanunkha mbali imodzi, funsani dzino

Pali kachimkuzamawu kena kamene kakundisowetsa mtendere masiku ano. Mukafika pamsika kuchigwa cha Shire kuno, kaya ndi pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, mukapeza kali pamphasa pakati pa mabotolo, kakubwereza mawu omwewo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mwini wake amakhala ali phee pamthunzi wa nimu, kuwerenga ndalama. Kamati botolo limodzi lomweli likuchiza sainasi, mutu waching'alang'ala, mano, nyamakazi ndi shuga. Anthu amaima, kumvetsera, kenako n'kumasula mfundo ya pachitenje. Ndalama ya thonje imene munthu waivutikira chaka chonse imathera pamenepo.

Zina zonsezo tidzakambirana tsiku lina. Lero chandikhudza ndi sainasi, chifukwa ndi matenda amene kuchigwa kuno aliyense amadziyeza yekha n'kudzipeza nawo. Zifukwa zake timakhala nazo zokwanira. Fumbi la m'chilimwe mukulidziwa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, mukukudziwa. Nyengo yodula nzimbe ikafika, minda imayamba yatenthedwa, ndipo timaphulusa takuda timagwa mpaka pa zovala zoyanika. Onjezanipo utsi wa kukhitchini ndi mphepo ya mwera. Ndiye munthu mphuno ikatsekeka miyezi ingapo, amangoti ndi za kuno izi, tinazolowera. Safunsanso. Komatu akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limene tikudya pa nkhani imeneyi ndi lambiri.

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ndi a kabaza. Ndi munthu waukhondo, wosamba kawiri patsiku, wosakonda kudandaula. Anayamba kutuluka mamina achikasu, olimba, koma mphuno ya kumanzere yokha. Akawerama kuti apope tayala ankamva kulemera pansi pa diso. Kenako kunabwera fungo. Poyamba ankalimva okha, n'kumayang'ana pansi pa nsapato kuti mwina aponda kanthu. Pambuyo pake achemwali nawo anayamba kulimva. Bambo amene ankakhala kutsogolo m'tchalitchi anayamba kukhala kumapeto kwa benchi, kampango kali pamphuno, ndipo mapemphero akangotha ankanyamuka osapereka moni kwa aliyense. Manyazi a fungo amam'tsekera munthu m'nyumba kuposa ululu.

Achemwali anayesetsa. Anawiritsa masamba a nimu ndi a mandimu, n'kuwafunditsa bulangeti pamwamba pa mphika. Anagula botolo la pamphasa lija. Anagulanso makapisozi pagolosale, owerengeka molingana ndi ndalama imene inalipo. Akamwa makapisoziwo fungo linkachepa, onse n'kuyamika Mulungu, koma pakapita masabata angapo linkabwereranso.

Amene anawathandiza ndi wachipatala wina amene anamvetsera nkhani yonse mosathamanga, kenako n'kunena kuti, "Bambo, tatsegulani kukamwa ndione."

"Adokotala, vuto langa ndi mphuno. Mano anga alibe vuto," anatero alamu.

"Tsegulani basi, bambo."

Anaunika ndi tochi, n'kuyamba kugogoda mano a m'mwamba limodzilimodzi ndi kachitsulo. Atafika pa dzino lotafunira la kumanzere, lachiwiri kuchokera kumapeto, alamu anadzidzimuka. Dzinolo linali lakuda, logumuka mbali imodzi, ndipo pankhama pamwamba pake panali kachotupa kotuluka mafinya akakadina. Apa m'pamene anakumbukira kuti zaka zapitazo dzino limenelo linawagoneka panja usiku wonse, kenako linangosiya lokha kuwawa. Iwo ankati linapola. Chonsecho linali litafa.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupempha kuti muwerenge modekha. Mkati mwa fupa la tsaya lililonse muli mphako yokhala ndi mpweya, imodzi mwa mphako zotchedwa sainasi. Ili pansi pa diso, pambali pa mphuno, pamwamba penipeni pa mano otafunira. Mphako imeneyi imapanga timamina tochepa timene timatulukira m'mphuno kudzera pa kabowo kakang'ono, ndipo kabowoko kali chakumtunda kwa mphakoyo, osati pansi, choncho zinthu zikadzazamo sizituluka mosavuta. Mizu ya mano otafunira a m'mwamba imathera pafupi kwambiri ndi pansi pa mphako imeneyi. Mwa anthu ena fupa la pakatipo ndi lokhuthala ndithu, mwa ena ndi lopyapyala, ndipo mwa ena nsonga ya muzu imachita kulowa m'mphakomo, yongokutidwa ndi kachikopa. Dzino likabooka n'kuwola mpaka kufika pa mtsempha, mtsemphawo umafa, ululu n'kuleka. Koma tizilombo sitileka. Timatsika ndi muzu, kapena kuti timakwera poti ndi dzino la m'mwamba, n'kukapanga mafinya kunsonga. Mafinyawo akasowa kolowera amaboola fupa lopyapyala lija n'kulowa m'mphako. Tizilombo ta m'dzino lowola ndi tamtundu wokonda malo opanda mpweya, ndipo n'timene timabweretsa fungo loipa lija.

Zili ngati chitsa chowola chimene chinatsala pansi pa nyumba pomanga. Mutha kuzira tsiku lililonse, kuthira mankhwala, kusesa, koma chiswe chizitulukabe mpaka tsiku limene mudzakumbe chitsacho.

Izi si zachilendo kwa madokotala. Mngelezi wina wa zachipatala, Nathaniel Highmore, analemba za mphako ya m'tsaya imeneyi kalekale mu 1651, moti mabuku ena amaitchula ndi dzina lake. Masiku ano madokotala amanena kuti mwa anthu khumi alionse amene mphako imeneyi yawavuta, mmodzi kapena kuposerapo gwero lake limakhala dzino, ndipo vuto likakhala la mbali imodzi yokha, dzino ndilo loyamba kuliganizira. Chimfine wamba chimagwira mphuno zonse ziwiri n'kutha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Mphuno yodana ndi fumbi imayabwa, imayetsemulitsa, ndipo mamina ake ndi amadzimadzi. Koma mbali imodzi, mamina a mafinya, fungo, kulemera kwa tsaya, miyezi n'kumapita, pamenepo pafunika wina ayang'ane m'kamwa. Sindikunena kuti nthawi zonse ndi dzino ayi. Mwana wamng'ono akamanunkha mphuno imodzi, kawirikawiri amakhala kuti analowetsamo njere ya chimanga kapena ya bwemba. Wamkulu akamatuluka magazi mphuno imodzi yotsekeka, pangakhale chotupa. Zonsezi n'zofuna maso a wachipatala, osati kachimkuzamawu.

Alamu atauzidwa kuti dzinolo lichoke, nkhondo inabuka kunyumba. Amayi awo anachita kubwera kuchokera kumudzi. "Mwananga, dzino la m'mwamba sazula. Ufuna uchite khungu? Ana awa adzawalera ndani?" Ankalankhula misozi ili m'maso, ndipo sindingawanyoze, chifukwa ankanena zimene anamva kwa makolo awo, ndiponso ankanena chifukwa cha chikondi. Ambiri a inu munamvapo mawu amenewa. Koma si zoona. Mtsempha umene munthu amaonera umachoka kuseri kwa diso kupita ku ubongo, sudutsa m'mano. Anthu amazulidwa mano a m'mwamba tsiku ndi tsiku m'zipatala za dziko lonse lapansi, maso awo ali bwinobwino. Chimene chingawononge diso ndi mafinya osiyidwa. Denga la mphako ija ndilo pansi pa diso, ndipo matenda akakula amatha kufika kumeneko, chikope n'kutupa, diso n'kutuluka, munthu n'kumaona zinthu ziwiriziwiri. Ndiye onani mmene mantha amatipusitsira: poteteza diso tikusunga chinthu chimene chingaliwononge.

Alamu anapita kukazulitsa dzino lija. Anawabaya jakisoni wochititsa dzanzi pankhama, kunja ndi mkati, n'kudikira pang'ono. Akuti anangomva kukankha ndi kugwedeza, osati ululu. Dzino linatuluka ndi mizu yake itatu, kunsonga kwa muzu umodzi kuli kathumba ka mafinya. Anawaika thonje pabala n'kuwauza kuti alume mwamphamvu kwa theka la ola, osalankhula.

Anthu ambiri amaganiza kuti dzino likachoka ndiye kuti nkhani yatha, koma theka la ntchito limatsala m'manja mwa wodwala. Pamalo pamene panali dzino pamaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo amatseka bala n'kukhala poyambira mnofu watsopano. Akachoka, fupa limakhala pamtunda, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu pamabwera ululu woposa wa dzino lija, wofika mpaka kukhutu. N'chifukwa chake tsiku loyamba salola kuchukucha m'kamwa, kulavulalavula, kupisako lilime kapena chala, ngakhale kumwa zotentha. Kuyambira tsiku lachiwiri ndi pamene munthu amayamba kuvumata madzi ofunda othira kamchere pang'ono, mofatsa, makamaka akatha kudya. Chakudya chikhale chofewa: phala lozizirirako, nthochi, mazira, mbatata yophika, ndipo atafunire mbali inayo. Mano enawo azitsukidwa monga mwa masiku onse. Ululu ukabwera, Panado amakwana kwa ambiri. Aspirin amachedwetsa magazi kuundana, choncho musamwe pongofuna kupha ululu. Ngati mumamwa kale mankhwala a mtima, a shuga, a BP kapena ma ARV, kapena ngati ndinu oyembekezera, nenani asanakuzuleni. Si kuti akubwezani, koma kuti adziwe mokusamalirani.

Malamulo ena amalimbana ndi moyo wathu wa kuchigwa mwachindunji. Amati osatsopa kanthu. Kuno kutentha kukafika pachimake, mwana ndi wamkulu yemwe amagwira kapepala ka madzi oundana n'kumatsopa. Malambe timatsopa. Nzimbe timatafuna n'kutsopa. Wosuta amakoka fodya. Zonsezi zimakoka magazi oundana aja. Mowa nawonso udikire, makamaka ngati mwapatsidwa Flagyl, amene sagwirizana ndi mowa ngakhale pang'ono. Ntchito yolemetsa, monga kupalasa njinga ndi matumba a makala kapena kulima kudimba dzuwa lili paliwombo, iyambe yaima masiku angapo. Ndikudziwa kuti kwa munthu wodya za tsiku lomwelo mawu amenewa ndi olemera. Apa m'pamene abale ayenera kuonekera, ndi kathumba ka ufa, osati ndi malangizo okha.

Koma lamulo lalikulu pa dzino la m'mwamba ndi la mphuno. Kwa masabata awiri, osamina. Mukudziwa mmene timaminira ife, chala chachikulu pamphuno imodzi, mphamvu zonse pa inayo. Mphepo imeneyo imadzaza m'mphako n'kukankha pansi, pomwe pali bala, ndipo ikhoza kuboola kachikopa kotsala kaja. Mamina akabwera, ingopukutani. Kuyetsemula kukabwera, musakutsekereze, yetsemulani kukamwa kuli kotsegula. Nthawi zina bowo lolumikiza m'kamwa ndi mphako limatseguka pozula pomwepo, popanda wolakwa, chifukwa cha mmene muzu unakhalira. Mudzalidziwa chifukwa mukamwa madzi ena amatulukira m'mphuno, kapena mumamva mpweya ukudutsa pabala. Laling'ono limatsekeka lokha mukalisamala. Lalikulu limafuna kusokedwa, ndipo likasokedwa msanga limapola bwino. Musakhale nalo kunyumba mukuti lizolowera. Chimodzimodzi magazi akakana kuleka ngakhale mwaluma thonje, thupi likatentha, kutupa kukamakwera kudiso, kapena mukamalephera kumeza ndi kutsegula kukamwa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Alamu anamvera. Achemwali ndiwo anali mlonda, moti akangoona dzanja likupita kumphuno ankati, "Abambo ake, mwaiwala?" Masiku oyamba mamina anatuluka ambiri, ena osakanikirana ndi timagazi. Anamaliza mankhwala onse amene anapatsidwa. Pang'onopang'ono tsaya linapepuka, fungo linayamba kuzilala, ndipo mwezi usanathe anali atabwerera pa benchi yawo yakutsogolo. Nkhama imatseka pa masabata awiri kapena atatu, koma fupa limatenga miyezi kuti lidzaze, choncho kadzenje kakamamveka ndi lilime musadabwe. Ena mphako yawo siyera yokha ngakhale dzino litachoka, makamaka ngati matenda anakhalitsa mpaka kabowo kotulukira kaja kanatsekeka. Otero amatumizidwa kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, nthambi imene Dr Wakisa Mulwafu anaigwirira ntchito yaikulu kuti iime, ndipo kumeneko amatha kutsegula njirayo n'kutsuka mphakoyo.

Tsopano mundilole ndibwerere ku nyimbo yanga yakale ya makapisozi. Ndinalembapo, ndipo ndilembabe. Mankhwala opha tizilombo monga amoxicillin si maswiti oti munthu azigula anayi lero, awiri mawa. Pa dzino lakufa, mankhwalawa amangochepetsa mafinya kwa kanthawi, chifukwa mkati mwa dzino lotero simuyenda magazi oti afikitsemo mankhwala. Mukamwa pang'ono n'kusiya, tizilombo totsala timaphunzira kulimbana nawo, ndipo tsiku limene mwana wanu adzadwale chibayo, mankhwala omwewo adzakhala opanda mphamvu. Tili ndi bungwe loona za mankhwala, la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo malamulo salola kuti mankhwala otere azigulitsidwa pamphasa kapena pagolosale. Nanga bwanji ali mbwee padzuwa la pamsika, pafupi ndi usipa ndi sopo? Ndipo inu amene mumaika Aspirin pankhama, kapena kudonthezera madzi a batire m'dzino lobooka, mukuwotcha mnofu wanu. Ululu ukaleka ndi njira zimenezo, dziwani kuti sikuti dzino lapola, ndipo mafinya akhoza kuyamba ulendo wopita m'mphako.

Komabe sindingadzudzule anthu okha ngati kuti chithandizo chili pakhomo. Munthu wa ku Makhanga kapena ku Muona, tsidya la kum'mawa kwa Shire, amene dzino lamuvuta, ayambe waganiza za ulendo. Chichokereni pamene madzi anadula njira ya ku Chiromo mu 1997, kuwolokera ku Bangula kwakhala kwa bwato. Wa ku Nsanje akatumizidwa ku Blantyre, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, kudutsa pa Thabwa n'kukwera mapiri, ndipo ayenera kupeza ya basi, ya chakudya ndi pogona. Munthu wotere akaona botolo pamphasa, lotsika mtengo kuposa ulendowo, mukuganiza kuti asankha chiyani? Zipatala zilipo, za boma ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje, za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, ndipo anthu ogwira ntchito m'menemo amagwira m'kutentha kumene ambiri a m'tauni sangapirire. Koma m'dziko lonse lino anthu osamalira mano ndi ochepa kwambiri. Mpaka chaka cha 2019, Malawi analibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo pa nthawiyo madokotala a mano sankafika 50 m'dziko la anthu oposa 17 miliyoni. Katundu yense ankasenza, ndipo akusenzabe, ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences.

Mu 2019 maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine, imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Izi n'zoyamikika ndi mtima wonse. Nkhawa yanga ndi yakuti zipatso zake zingathere m'mizinda, monga zimathera zinthu zambiri. Ife a kuchigwa timakumbukiridwa madzi akasefukira. Mu 2015 magalimoto a chithandizo anabwera, mu 2022 nthawi ya namondwe Ana anabwera, mu 2023 nthawi ya Freddy anabweranso, ndipo tinathokoza. Madzi akaphwa, timatsala tokha ndi matenda osaoneka pa kanema. Mu 2010 tinasonkhana ku Nsanje kukaona kutsegulidwa kwa doko, ndipo mpaka lero sitima sizikocheza. Chimene ndikupempha lero ndi chaching'ono poyerekeza ndi doko: mpando wa mano wogwira ntchito, makina a X-ray ojambulira muzu wa dzino, zipangizo zomatira mano obooka, ndi munthu wodziwa ntchito amene azifika ngakhale kamodzi pamwezi m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi.

Ndatchula zomatira chifukwa kuzula si chithandizo chokhacho, ndipo si choyamba. Dzino la alamu likanaonedwa pamene linali ndi kabowo kakang'ono, likanamatidwa, bwenzi lilipo mpaka lero. Ngakhale dzino lakufa nthawi zina limapulumuka akalitsuka mkati mwa mizu n'kulitseka, koma chithandizo chimenecho chimapezeka makamaka m'tauni, ndipo mtengo wake wa kabaza sangaufikire. Choncho kwa ife dzino limangodikira tsiku lozulidwa. Chigwa chimene chakhala chikupanga shuga ku Nchalo kuyambira m'ma 1960, chimene ana ake amakula ndi nzimbe m'manja ndi tiyi wa masupuni anayi, chinayenera kukhala patsogolo pa kuyeza mano a ana m'sukulu. Palinso china chimene chimatisokoneza. Madzi a m'mijigo ina, makamaka cha ku Nsanje, ali ndi fluoride wochuluka, amene amadetsa mano a ana n'kuwasiya ndi mawanga ofiirira. Poti mano ofiirira tinawazolowera, dzino lowola lenileni silitidabwitsanso. Timangoti ndi madzi. Apanso safunsa akudya phula.

Ndikudziwa kuti pakati pa inu owerenga pali wina amene akuyenda ndi kampango pamphuno, kapena amene akugona chipinda chimodzi ndi munthu wotero n'kumaopa kumuuza. Muuzeni mwaulemu, ndipo mumuperekeze. Mukakafika kuchipatala, musakangonena kuti ndili ndi sainasi n'kulandira mapiritsi. Mukanene kuti ndi mbali imodzi, kuti pali fungo, kuti zatenga miyezi, ndiponso kuti mbali yomweyo kuli dzino limene linawawapo kale n'kusiya. Mukapemphe kuti akuyang'aneni m'kamwa musanatuluke m'chipindamo.